Matiresi anga pamwamba pa tiyi

Lachiwiri la sabata yatha matiresi anga ndinawaona ndisanafike n'komwe pakhomo.

Ndimachokera ku Boma kukadinditsa chikalata china. Minibasi inandisiya pamsewu, ndipo ndinatsetsereka ndi kanjira kathu kodutsa m'munda. Nditangokhota pamtengo wa mapeyala, ndinaona chinthu chachikulu chamaluwamaluwa chitagonekedwa pamwamba pa tiyi wanga.

Inu amene mukuwerenga muli kutali ndi Thyolo, dziwani kuti tiyi wothyoledwa bwino amakhala wosalala pamwamba ngati tebulo, ndipo amayi kuno amayanikapo zovala. Zimenezo sindinadandaulepo nazo. Koma matiresi? Chinthu cha kuchipinda, chimene ine ndi mayi akunyumba tagonapo zaka zisanu ndi zitatu, chili poyera dzuwa likuswa mtengo, nthawi imene anthu akuweruka ku esiteti ndi madengu awo kumsana?

Nditayandikira ndinaona chinanso chimene chinandiwawa koposa. Pulasitiki yake inali itachotsedwa. Inali pansi, yong'ambidwa pakati, itapanikizidwa ndi mwala.

Ndifotokoze kaye za pulasitikiyi.

Matiresiwa ndinawagula ku Limbe chaka chimene ndinapuma ntchito, nditakhala kalaliki wa pasikelo yoyezera tiyi zaka makumi atatu ndi chimodzi. Anali a siponji, oyamba m'nyumba mwathu. Anabwera pamwamba pa basi atakutidwa m'pulasitiki yolimba ya kufakitale, ndipo ine ndinalamula kuti isachoke. Maganizo anga anali olunjika: chinthu chokutidwa chimakhalitsa. Buku la sukulu timalikuta. Wailesi timaifunditsa kansalu. Nanga matiresi atsopano tiwavule chifukwa chiyani?

Ikang'ambika pakona, ndimamata ndi tepi. Ikaboka pakati, ndimamatanso. Zigamba zake ndinaziwerenga Lachiwiri lomwelo: zinali khumi ndi zinayi.

Amene anaing'amba sanabisale. Anali ataima pakati pa mizere ya tiyi, lezala lili m'manja. Ndi mlamu wanga a Felesiya, mng'ono wawo wa mayi akunyumba, amene amakolopa ndi kuyala mabedi pakachipatala ka pa esiteti ina kumtunda kuno.

"Alamu, mwafika bwino," anatero. "Tabwerani mudzaone mwana wanu amene mwakhala mukumulera m'jumbo."

"Alamu, wakupatsani chilolezo ndani?"

"Mwini wake wa theka la matiresiwa. Kapena mumagonapo nokha?"

"Nanga simukanawayanika kuseri? Anthu onsewa aone za kuchipinda kwanga?"

"Kuseri kuli mthunzi wa nthochi. Ndipo anthuwo nawonso ali ndi matiresi. Gwirani uko, tiwatembenuze."

Sindinafune kugwira, koma a kapitawo a Muhala anali ataima panjira, njinga ili m'manja, akutiyang'ana. Ndinagwira kuti nkhani ithe msanga. Tinawatembenuza.

Owerenga anzanga, ndakhala ndikulemba pano za ngalande zonunkha za pamsika ndi za zimbudzi za padepoti. Sindinkadziwa kuti zoipa zina ndimagona nazo.

Kunsi konse kunali madontho akuda, ena obiriwira, atagwirana mizeremizere motsata matabwa a bedi. Chuku chenicheni. Fungo lake linali la thumba la makaka limene lanyowa ndi mvula n'kuiwalika pakona. Pamene panali zigamba zanga za tepi mpamene panada kwambiri.

"Akalaliki," anatero a Muhala ali panjira pomwepo, "bowa ameneyu mukugulitsa bwanji mulu?"

Ndinasiya matiresiwo n'kulunjika kukhonde.

Mayi akunyumba, amake Esinati, anali pakhonde akusola nandolo. Anangotsokomola, chifuwa chawo chija cholira ngati chitseko.

Apa ndiyenera kuulula chinthu chimene bambo wa msinkhu wanga sakonda kulemba m'nyuzi. Panali patatha milungu itatu amake Esinati atasamuka pabedi. Ankayala mphasa pabalaza. Takhala m'banja zaka zopitirira makumi anayi, ndipo ngakhale titayambana chotani sitinagonepo zipinda ziwiri. Ine ndinadziuza kuti akuthawa mkonono wanga. Ndinakwiya chamumtima, osafunsa.

Lachiwiri limenelo ndinafunsa.

"Amake Esinati, ndinu mwaitana anthu kuti adzang'ambe katundu wanga?"

"Ndine," anatero, maso ali pa nandolo. "Ndikagona pabedi paja chifuwa chimatseka. Pamphasa ndimapuma. Ndinakuuzani chaka chatha kuti m'chipindamo mukununkha, inu munati ndi khoma. Ndinakuuzaninso, munati ndi nsapato zanu. Ine sukulu sindinapite, abambo ake Esinati, koma mphuno ndili nayo. Pamatiresi amenewo sindigonaponso."

Ananena modekha, ngati akunena za mtengo wa mchere. Amene ali pabanja akudziwa kuti mawu oterowo ndi amene sabwezedwa.

Tsono ine ndi munthu wa mapepala. Amene mumawerenga ndimeyi mukudziwa. M'bokosi langa lachitsulo muli kalata yondilemba ntchito, makadi a sikelo a ana onse asanu, lisiti la malata a nyumba ino, ngakhale tikiti ya basi imene ndinakwera popita kukafunsira mbeta. Chilichonse chili mu envulopu yake, yolembedwa pamwamba. Anthu amandiseka, koma pakabuka mkangano wa malire amathamangira kwa ine.

Ndiye ndinati: dikirani. Ndikubweretserani pepala la kusitolo. Ndimakumbukira bwino kuti pamodzi ndi lisiti anandipatsa kapepala kena kopindidwa, kolonjeza kuti matiresiwa ndi olimba. Ndinali wotsimikiza kuti penapake kananena zosunga pulasitiki.

Envulopu ndinaipeza mosavuta. Lisiti linalimo, loyera ngati la dzulo. Kapepalako kanalimonso. Ndinavala magalasi, ndinatuluka nako pakhonde, ndinakatambasula pamaso pa onse. Kutsogolo kunali chithunzi cha mzungu atagona akumwetulira, ndi mawu otamanda siponji. Zimenezo ndinaziwerenga tsiku logula lomwe.

"Tembenuzani," anatero a Felesiya.

Ndinatembenuza.

Kuseri kunali mizere inayi ya Chingerezi, m'zilembo zing'onozing'ono. Ndinaiwerenga chamumtima. Kenako ndinayamba kupinda kapepalako.

"Ayi alamu, mokweza. Ife osaphunzirafe timve nawo. Mutimasulire."

Ndinawamasulira, chifukwa pepala sindinalinamizirepo chiyambire. Mzere woyamba unkati chotsani pulasitiki musanayambe kugonapo. Wachiwiri unkati muziwatembenuza kawirikawiri. Wachitatu unkati muziwapititsa mphepo. Wachinayi unkati musawanyike m'madzi.

Zaka zisanu ndi zitatu ndasunga kapepalako kopanda khwinya, kopanda dontho, njenjete osakakhudza. Kuseri kwake ndinali ndisanakuonepo.

A Felesiya anaseka mpaka kugwira mzati. Amake Esinati sanaseke. Zikanakhala bwino akanaseka.

Pobweza envulopu m'bokosi, dzanja langa linagwera pa ina, yolembedwa kuti “Chipatala: amake Esinati”. Ndinakhala pampando n'kuyala matikiti awo onse motsata zaka, ndi kabuku kachipatala kamene tikugwiritsa ntchito masiku ano. Tisanagule matiresi, matenda awo anali malungo, dzino kamodzi, ndi bondo. Zaka ziwiri zoyamba titagula, chimodzimodzi. Kuyambira nyengo yozizira yachitatu, chifuwa. Chaka chotsatira, chifuwa kawiri. Chaka chatha, kasanu, ndipo adokotala analemba kuti akukayikira mphumu.

Ine si dokotala. Utsi wa kukhitchini ulipo, fumbi la mumsewu lilipo, ndi ukalamba womwe. Sindinganene kuti matiresi okha ndiwo anachita zonsezi. Koma ndakhala pasikelo moyo wanga wonse, ndipo ndimadziwa kuwerenga mzere umene ukukwera. Mapepala amene ndinawasunga kuti azindiikira kumbuyo, tsiku limenelo anandiikira umboni wonditsutsa.

Tsopano ndikufunseni inu. Kodi ndine ndekha?

Lowani m'malaini a antchito pa esiteti iliyonse, lowani m'midzi ya ku Khonjeni, lowani ngakhale m'nyumba za aphunzitsi ku Bvumbwe. Khalani pabedi. Mumva phokoso lija la cheke-cheke pansi pa nsalu. Pulasitiki. Ena amaisiya kuti mwana akakodza asaononge siponji. Ena amaisiya kuti mlendo akasuzumira adziwe kuti pano panagulidwa chatsopano. Ambiri, ngati ine, amaisiya chifukwa chinthucho anachipeza movutikira, ndipo kuchivula kumaoneka ngati kuchiononga.

Ndikumvetsa. Koma taganizani za dziko limene tikukhala. Tiyi amakonda kuno chifukwa kuli chinyezi. Chiperoni chikabwera ndi chifunga ndi mawawa ake, mchere umasungunuka m'botolo, machesi amakana kuyaka, malaya a pachingwe amatha masiku atatu ali chinyowere. Thupi la munthu nalo limatulutsa thukuta ngakhale mu Juni. Pulasitiki ikangoboka pang'ono, chinyezi chimalowa, koma potulukira chilibe. Chimakhala momwemo, pofunda, pamdima. Chuku chingafunenso malo abwino oposa amenewo?

Chimene chikundikwiyitsa kwambiri n'chakuti makolo athu zimenezi ankazidziwa. Ine ndinakulira pa thumba la chiguduli lodzaza ndi masamba ouma a nthochi. Chilimwe chilichonse mayi anga ankalitulutsa, kulikhuthula, kutentha zakalezo, kuchapa thumba kumtsinje, n'kuikamo zatsopano. Mphasa inkatuluka panja pafupifupi tsiku ndi tsiku. Palibe amene ankachita manyazi kuyanika pogona pake. Amanyazi anali amene sankayanika.

Ndiye kunabwera siponji. Matipate atalowa, masitolo anadzaza, ndipo aliyense amene analandira kangachepe anasenza yake pamutu kapena pa kabaza. Tinagula chinthu chachilendo, tinasiya nzeru zakale, koma zatsopano sitinaphunzire. Tinachiika pabedi ngati mwala wa pamanda: chikakhala, chakhala.

Ndipo opanga ndi ogulitsa nawonso ndili nawo mawu. Chithunzi cha mzungu wogona munachisindikiza chachikulu. Malangizo munawabisa kuseri, m'tizilembo ta nyerere, m'Chingerezi. Mayi wothyola tiyi amene wasunga miyezi yambiri kuti agule matiresi awerenga bwanji? Wa m'sitolo amene anandithandiza kumanga katunduyo ndi chingwe, chinamuvuta n'chiyani kunena kuti “bambo, mukafika mukachotse ichi”? Mizere inayi yokha. Simungailembe m'Chichewa, kutsogolo, pamene munthu angaione?

Koma ndisathawire kwa ena. Ine Chingerezi ndimachidziwa. Chinandikanika n'kungotembenuza pepala.

Tibwerere pa tiyi paja.

Manyazi atandigwira, ndinafuna kukonza zonse tsiku lomwelo. Ndinati tiwanyamule tipite nawo kumjigo, ndi sopo ndi bulashi, tiwachape mpaka ayere.

"Mzere wachinayi, alamu," anatero a Felesiya. "Mwaiwala kale? Mayi wina kumalaini kwathu anachita zimenezo. Siponji inamwa madzi ngati ng'ombe. Panja inkaoneka youma, m'kati muli chithaphwi. Patatha milungu iwiri anakaitaya kudzala. Siponji sichapidwa ngati bulangete."

Kuchokera pamenepo ndinkangochita zimene ndauzidwa. Ndikulembereni zimene tinachita, mwina zingathandize wina.

Poyamba anasomola ulusi wa nsalu yamaluwa ija n'kuivula yonse, siponji inatsala yokha. Anati tione ngati chuku chalowa m'kati. Anandiuza mosabisa kuti ngati chafika pakati, palibe chochita, matiresiwo ndi otaya. Anakanikiza ndi chala malo ndi malo, akununkhiza. Mwamwayi chambiri chinali pansalu ndi pakhungu la siponji. Kona imodzi yokha, ya kumutu, mbali ya kukhoma, inali itada mpaka m'kati. Imeneyo anaidula ndi mpeni, chidutswa chonga njerwa.

Mbali ya kukhoma ndi imene amagona amake Esinati. Tonse tinaona.

Nsalu ija inaviikidwa m'madzi otentha, inachapidwa kawiri ndi sopo. Siponji tinaimenya ndi kandodo kosalala, tili kumbali yochokera mphepo, pakamwa titamanga mipango. Amake Esinati tinawauza kuti akhale kutali. Fumbi limene linatuluka simungakhulupirire kuti linali m'chinthu chokutidwa. Kenako a Felesiya anatenga kansalu, kukaviika m'madzi a sopo pang'ono, kukafinya mpaka kutsala konyowa pang'ono chabe, n'kumapukuta madontho mopepuka, osakhuthulirapo madzi. Pomaliza anawaza soda, yemweyu wothira m'therere, n'kunena kuti akhalepo mpaka mawa kuti akoke fungo, ndiye tidzamusese ndi bulashi youma.

Bedi nalonso silinapulumuke. Tinalitulutsa, matabwa tinawakwecha, m'malumikizidwe tinathira madzi owira kuopa nsikidzi. Apa ndinaphunziranso china. Ine ndinali nditakhoma matabwa ena pakati kuti pasakhale mipata, poganiza kuti mipata imadya siponji. A Felesiya anandipatsa hamala.

"Zulani awiriawiri. Matiresi amapumira kunsi. Ndipo bedi lichoke kukhoma, dzanja lizilowa."

Pa zoyanika matiresi pa tiyi ndinapambanako pang'ono, ndipo ndilembe kuti zidziwike. Ndinawauza kuti m'mawa tiyi amakhala ndi mame, ndipo kunsi kwake sikuuma, choncho matiresi akagonapo amayamwa chinyezi chomwe tikuthawacho. Anavomera. Lachitatu tinayala matabwa awiri pamipando pabwalo, siponji pamwamba, mphepo ikudutsa pansi. Iwo anawonjeza kuti isakhale padzuwa lamphamvu tsiku lonse, chifukwa siponji ikapsa imayamba kunyenyeka ngati buledi wakale. Maola angapo mbali ino, maola angapo mbali inayo, kenako pamthunzi podutsa mphepo.

Lachinayi m'mawa, ndikusesa soda amene tinawaza kachiwiri, ndinamva mphepo yasintha. Ndinayang'ana chakum'mwera. Mapiri anali atasowa. Amene munabadwira kuno mukudziwa kuti zikatero umakhala ndi nthawi yongokwanira kuanula.

Chiperoni.

A Felesiya anali kuntchito. Ndinaisenza ndekha siponjiyo pamutu, ikupindika uku ndi uku, n'kulowa nayo pabalaza mawawa oyamba akugwa. Ndinaiimika chammbali pamipando iwiri, pakati pa chipinda, kuti isakhudze khoma kapena simenti. Mphasa ya amake Esinati inali pomwepo, yokulungidwa pakona.

Masiku awiri chifunga chinatseka mudzi. Othyola tiyi ankadutsa atavala matumba a pulasitiki, akuoneka ngati mizukwa m'mizere. Ine ndinkangozungulira siponji ija, kuigwira, kuinunkhiza, kuitembenuza. Ndinafuna kuika mbaula pafupi, koma amake Esinati anandiletsa.

"Mukufuna tipse ndi nyumba yomwe? Siponji ndi moto n'zapachibale. Ingodikirani."

Kudikira kumeneko kunandipatsa nthawi yoganiza. Ndinayang'ana m'nyumba mwanga ngati mlendo. M'kabati muli mbale zadothi zimene sitinadyerepo, tikudikira alendo amene akabwera timawapatsanso za pulasitiki. Pamipando pali nsalu, pamwamba pa nsalu pali nsalu zina. Suti yanga yabwino ili m'thumba lake, ndipo ndikudziwa tsiku limene ndidzaivale, ngakhale sindidzaiona. Ndife anthu odziwa kusunga. Umphawi unatiphunzitsa, ndipo sindikunyoza. Koma pali kusunga kwina kumene kumasunga chinthu n'kuononga mwini wake. Ine ndinkamata tepi pa pulasitiki mosamala kwambiri, kwinaku munthu amene ndinagulira matiresiwo akubanika pambali panga.

Ndipo manyazi aja a Lachiwiri, ndikawaganiza tsopano, anali a chiyani? Ndinkaopa kuti a Muhala aona madontho. Madonthowo analipo kale asanawaone. Pogona pa munthu aliyense pali thukuta, pali zipsera za ana amene anakulirapo, pali dzenje la msana wake. Kubisa sikuchotsa. Timayanika chimanga poyera, timayanika makaka padenga, timayanika matewera pachingwe. Chinthu chimene timaikapo nkhope usiku uliwonse n'chimene timachikaniza dzuwa.

Kwa amayi a ana aang'ono amene mukuti nanga mikodzo: a Felesiya akuti kuchipatala amayala kapulasitiki kakang'ono pamalo pa mwana pokha, pamwamba, pansi pa nsalu, ndipo m'mawa amakachotsa n'kukapukuta. Sakulunga matiresi onse. Mwana akaphonya, pukutani msanga ndi nsalu youma mokanikiza, kenako yonyowa pang'ono, kenako panja. Osadikira Loweruka.

Loweruka kunacha bwino. Siponji inatuluka, nsalu yake inauma, ndipo telala wa pamsika anabwera kudzatseka kona yodulidwa ija ndi chidutswa china n'kusokanso nsaluyo. Ndinamuuzanso kuti asoke chikuto cha zitenje ziwiri zakale, cha mabatani, choti tizichivula n'kuchapa. A Muhala podutsa anaima.

"Akalaliki, bowa uja watha?"

"Watha. Matiresi anu munawaona liti kunsi?"

Anaseka, anakwera njinga. Koma dzulo ndinadutsa kwawo, ndipo pabwalo panali chinthu chitatsamira pamipando iwiri. Ndinangokweza chipewa.

Lamulungu titabwera kutchalitchi, bedi linali litayalidwa, lotalikirana ndi khoma, zenera lili lotsegula. Ine ndinakhala pakhonde ndi nyuzi imene sindinkaiwerenga. Amake Esinati analowa kuchipinda. Ndinawamva akuvundukula nsalu. Ndinawamva akununkhiza kumutu, kenako kumiyendo. Anatuluka.

"Fungo lachepa," anatero.

"Lachepa kapena latha?"

"Ndati lachepa."

Anabwereranso m'kati, akuti akungoyesa msana. Ndinadikira kuti atuluke. Sanatuluke. Patapita nthawi ndinasuzumira pazenera. Anali atagona chammbali, nsapato za kutchalitchi zili kuphazi, mpango utagwera pansi. Panalibe cheke-cheke. Ndinabwerera pampando n'kumamvetsera chifuwa chija. Anatsokomola kamodzi, mopepuka, n'kupitiriza tulo mpaka mthunzi wa mapeyala unafika pakhonde.

Atadzuka ndinafunsa ngati mphasa ndiikweze kudenga.

"Isiyeni kuseri kwa chitseko," anatero. "Tione kaye ngati mwezi wamawa mudzakumbuke kutembenuza."

Sindikunena kuti achira. Lachisanu tikupitanso kuchipatala, ndipo nkhani ya chukuyi ndikawauza adokotala ndekha, ndi pakamwa panga. Koma chiyambire Lamulungu mphasa sinayalidwe.

Pulasitiki ija ndinaipinda bwinobwino, mwachizolowezi, ndisanadzifunse kuti ndikuisungiranji. Panopa yafunditsa nkhuni kuseri. Kapepala kaja sikanabwerere m'bokosi. Ndakakhoma ndi msomali pachitseko cha kuchipinda, mzungu wogona atayang'ana kuthabwa, ndipo pansi pa mizere inayi ija ndalemba Chichewa chake ndi bolopeni, m'zilembo zazikulu.

Inu mukamaliza kuwerenga, musayankhe ine. Lowani kuchipinda, kwezani kona ya kukhoma, mbali imene amagona mnzanuyo, muikepo mphuno.

Mwamva chiyani? Ndipo iye wakhala akukuuzani kuyambira liti?